Tsiku Limene Dona Anagona Chagada

"Chithunzi changa chili kuti?" anafunsa Sekererani atangolowa pabalaza, chikwama cha kamera chidakali paphewa.

Pakhoma, pamwamba pa wailesi yakanema, panali msomali umene kwa zaka khumi ndi ziwiri unkanyamula chithunzi cha mkazi wake atavala diresi lachikasu. Anachijambula yekha ndi manja ake, ndipo mlendo aliyense ankayamba wachiyamikira asanakhale pansi. Tsopano pamsomali womwewo panali kangaude. Inde, kangaude! Wamiyendo yonenepa yaubweya, wabuluu wowala ngati wangopakidwa penti.

"Ndachisamutsira kuchipinda," anayankha mkazi wake ali kukhitchini. "Chimatha mtundu ndi dzuwa la pazenera, bambo a mapasa. Nanga simukumuona Dona mmene watulukira bwino?"

Dona anali kangaude wamkulu waubweya, mwa aja amati talantula, ndipo ankakhala m'bokosi lagalasi pashelefu ya pabalaza pomwepo. Make mapasa anamupeza ali kakang'ono ngati chikhadabo, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, n'kumulera mpaka anakula ngati chikhatho cha munthu. Mapasa atachoka pakhomo kupita kukoleji, nyumba inangoti zii, ndiye Dona anakwera udindo. Mayiyo akaweruka ku labu ya chipatala kumene ankayeza magazi, ankayamba wasuzumira m'bokosimo asanavule n'komwe nsapato. Kukhonde lakuseri kunali chidebe cha mphemvu zoweta, chakudya cha Dona, ndipo nazonso zinkadyetsedwa makoko a karoti panthawi yake.

Zonsezi Sekererani ankazipirira. Kangaude si mwamuna mnzako. Chimene chinamuwawa chinali china.

"Wajambula ndani?"

"Aphunzitsi. Anamujambula kalekale, miyezi itatu yapitayo, ndiye Loweruka atabwera kudzaona ngati dothi la m'bokosi lili ndi chinyezi, anabwera nacho chili kale m'fulemu. Anajambula ndi foni chabe, tangoganizani!"

"Anakachitsukitsa kuti?"

Kukhitchini kunayamba kwamveka sipuni ikugunda poto. "Kusitudiyo ina ija ya kuseri kwa banki."

Abale inu! Apa ndiye panapweteka kawiri. Sekererani anali atagwira ntchito yojambula zithunzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anali ndi situdiyo yakeyake pamsewu waukulu. Dzina loti Sekererani anamupatsa ndi anthu, chifukwa aliyense wokhala pampando wake ankauzidwa mawu omwewo, ngakhale wobwera kudzajambulitsa chithunzi cha pasipoti chimene salola kuonetsa mano. Akwati ankatuluka m'kamera mwake osalala ngati sanatulukepo chiphuphu chibadwire. Nayenso anamujambulapo Dona, zaka ziwiri zapitazo, mkazi wake atachita kumupempha kangapo. Anamuikira magetsi awiri okhala ndi maambulera oyera, monga ankachitira ndi akwati, ndipo chimene chinatuluka chinali chinthu chakuda chofiirira, ngati tsitsi losesa pansi kwa wometa. Mkazi wake anati zikomo, n'kuchiika m'dirowa momwe munkakhala mabatire akutha.

Ndiye lero mphunzitsi wa sayansi, bambo wadazi woyenda panjinga yakapalasa, wabwera ndi kafoni kosweka galasi n'kudzamuchotsa pakhoma la m'nyumba mwake momwe!

Anatsitsa chikwama n'kukawerama pabokosi. Dona anali phee pakona, wakuda, wotuwa, osagwedeza ngakhale mwendo umodzi.

"Amake mapasa, tabwerani kuno. Buluu ali pati apa? Ine maso angawa ndi amene ndimagwirira ntchito. Uyu ndi wakuda basi. Mnzanuyo wachita kupenta pafoni kuti akusangalatseni."

Mayiyo anatuluka akupukuta m'manja, nkhope ikuwala monga inkachitira nkhani ya Dona ikayamba.

"Sanapente ayi. Buluu wa Dona sali ngati wa nsalu, woti aoneke paliponse. Amabisala muubweyamo, ndipo amatuluka kuwala kukamumenya cham'mbali. Komanso panopa khungu lake lakalamba, n'chifukwa chake watuwa chonchi. Wakana chakudya milungu itatu, ndipo taonani, wayamba kuyala ukonde pansi ngati mkeka. Afundula sabata ino. Aphunzitsi akuti ikafika nthawiyo..."

"Aphunzitsi akuti, aphunzitsi akuti! Nyumba ino yasanduka kalasi?"

Analowa kubafa n'kutsegula mpopi mpaka kumapeto. Zimene aphunzitsi ananena zinapita ndi madzi. Sikanali koyamba. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri Dona ankafundula m'nyumba momwemo, koma bamboyu sanaonepo n'kamodzi komwe, poti nkhani ya kangaude ikangoyamba iye ankakweza wailesi. Mphunzitsiyo, yemwe anali ndi akangaude khumi ndi mmodzi ndipo mkazi wake anamwalira, ndiye ankafunsa mafunso. Anadziwana ndi make mapasa pagulu la pafoni la anthu oweta akangaude. Foni ya make mapasa ikalira iye n'kuseka yekhayekha, Sekererani ankamva ngati wina wamuthira tsabola pabala. Tsiku lina mayiyo ali kosamba, anatenga foniyo n'kukopera nambala ya mphunzitsiyo m'foni mwake, pansi pa dzina loti Chidazi. Sanaiimbe. Ankangoiyang'ana nthawi zina.

M'mawa mwake make mapasa anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Chonde bambo a mapasa, bokosilo lisasunthidwe ngakhale pang'ono. Makataniwo ndatseka dala."

"Ndamva," anayankha, maso ali m'kapu ya tiyi.

Situdiyo yake inayandikana ndi malo ometera, ndipo wometayo anali mnzake wakalekale, munthu wopanda bureki pakamwa. Sekererani anamufotokozera zonse akutsegula maloko, mtima uli m'mwamba.

"Hii, achimwene!" anatero wometa akumenyetsa manja. "Dzana dothi, dzulo chithunzi. Mawa adzabwera kudzaona ngati denga lanu likudontha."

"Usaseke. Munthu uja ndi wabodza. Kangaudeyo ndi wakuda ngati tayala."

"Ndiye mukulira chiyani? Kamera muli nayo, magetsi muli nawo. Kapena mukuopa kuti akuposani ndi foni?"

Mawu amenewa anangolankhulidwa mocheza, wometa akusesa pakhomo pake, koma anakalowa pamalo oipa. Sekererani anaganiza msanga. Akamujambula Dona ndi zida zenizeni n'kutulukanso wakuda, ndiye kuti Chidazi ndi wopenta, ndipo mkazi wake adzaona yekha. Akatuluka wabuluu, ndiye kuti chithunzi chake chidzaposa chija kutalitali, ndipo msomali udzabwerera kwa mwini wake. Kulikonse kumene nkhaniyo ikanagwera, wopambana anali iye. Pofika naini koloko anali atabwerera kunyumba, wanyamula bokosi lija, walikhazika pampando wakutsogolo wa galimoto n'kulimanga lamba ngati mlendo wolemekezeka. Msewu wa kwawo unali ndi zitunda zinayi zochepetsa liwiro. Pachitunda chilichonse kambale ka madzi ka Dona kankakhavukira.

Atangolowa nalo bokosilo m'chipinda chojambulira, kunabwera banja lina ndi khanda loti lijambulidwe. Analifunditsa bokosilo nsalu yakuda n'kulikankhira pakona. Khandalo linalira, linayamwa, linabzikula padiresi la mayi ake, kenako linagona, ndipo pomwe ankatsanzikana nawo dzuwa linali pamutu. Anatseka chitseko, anaitana wometa kuti adzakhale mboni, anakhazika bokosi patebulo n'kuvundukula.

Dona anali chagada paukonde wake uja, miyendo ili m'mwamba.

"Wafa uyu," anatero wometa akubwerera m'mbuyo. "Mwapha kangaude wa alamu. Ine sindinaone kanthu, ndipo sindinabwere kuno."

Sekererani anayandikira bokosilo. Anagogoda galasi ndi chala. Mwendo umodzi unagwedera pang'ono.

"Ali moyo. Zitunda zija ndi zimene zamugubuduza, ndiye akulephera kudzuka."

"Musiyeni choncho, mwina ndi mmene amagonera."

"Kwa ine palibe amene anajambulidwapo atagona chagada."

Umenewu ndiwo unali mwambo wa ntchito yake. Munthu akakhala pampando wake ankamukweza chibwano, kumuwongola phewa, kumupendeketsa mutu, mpaka akhale mmene iye akufunira. Anachotsa chivundikiro cha bokosi, anatenga kabulashi kofewa kopukutira kamera, n'kukalowetsa pansi pa Dona. Anamukankha kamodzi, kawiri, kachitatu kangaudeyo anagubuduka n'kukhala chafufumimba. Pomwepo chigoba cha pamsana pake chinatukuka ngati chivundikiro cha poto.

"Mayo! Mwamuswa!" anakuwa wometa. Kunja wina anaitana kuti akufuna kumeta, ndipo wometa anatuluka ndi liwiro loti sanathamangepo chaka chonsecho.

Sekererani anatsala yekha, kukamwa yasa. Kenako anaona kuti m'kati mwa chigoba chosweka chija muli kangaude wina, wonyowa, wofewa, akudzikoka pang'onopang'ono kutuluka m'khungu lakale ngati munthu wovula sokosi yothina. Apa ndi pamene anakumbukira mawu aja oti afundula sabata ino. Munthu wanzeru akanabwezera chivundikiro, n'kufunditsanso nsalu, n'kuimbira mkazi wake. Koma nsanje inamunong'oneza chinthu chimodzi chokha, chakuti chithunzi chotere Chidazi alibe.

Anayatsa magetsi ake a maambulera n'kujambula katatu. Kunatuluka chakuda chomwe chija. Anatukwana chamumtima. Ndiye mawu a mkazi wake anabweranso okha, oti buluuyo amatuluka kuwala kukamumenya cham'mbali. Zinamuwawa kuti akugwiritsa ntchito nzeru za mdani wake, komabe anazimitsa maambulera aja, n'kupita kukabati kukatenga nyali yakale yachitsulo imene anaisiya chifukwa inkasungunula zodzola kumaso kwa akwati. Anaikhazika pambali pa bokosi, pafupi penipeni, n'kuiyatsa.

Ha! Buluu uja anatuluka ngati wina watsegula chitseko. Miyendo imene inali itavuka inkawala kuposa chithunzi chapakhoma chija, ndipo pamsana panali mtundu wina wobiriwira woti dzina lake sankalidziwa. Akasuntha mutu pang'ono mtunduwo unkazimirira, akabwerera unkayakanso. Mphunzitsi uja sananame. Sekererani sanakondwere nazo. Anangopsa mtima kwambiri, chifukwa tsopano panalibenso chomunenera munthuyo, kunangotsala kumuposa basi.

Anajambula ataima, anajambula atagwada, anajambula atakwera pampando. Anasintha galasi la kamera, anayandikizanso nyali ija. "Choncho, choncho, tukulani pang'ono," ankatero ngati akulankhula ndi mkwatibwi. M'chipindamo munatentha mpaka malaya anamata kumsana. Nthawi imene inapita sanaidziwe. Chimene chinamuimitsa n'chakuti zithunzi zinayamba kufanana. Chilichonse chinali ngati chinzake cham'mbuyo. Anatsitsa kamera n'kuyang'ana ndi maso ake.

Dona anali atasiya kudzikoka. Miyendo isanu inali kunja, itatu inali itakanirira m'khungu lakale, ndipo khungulo linali litauma gwa ngati pepala. Dothi limene m'mawa linali lakuda ndi chinyezi linali litayera. Sekererani anakhudza galasi la bokosi n'kuchotsa dzanja msanga chifukwa linkawotcha.

Anaimbira mkazi wake, ndipo foni inalira kanayi asanayankhe.

"Ndili pantchito, bambo a mapasa, kwagwanji?"

"Ndi Dona. Akufundula, koma miyendo ina yakanirira."

"Muli kunyumba? Musamukhudze! Akakhala chagada musamutembenuze, ndi mmene amavulira khungu. Ingomusiyani mumdima."

"Ndili kusitudiyo. Ndinamutembenuza kale."

Kunamveka chinthu chagalasi chikugwa pansi kumene kunali mayiyo. Atalankhulanso, mawu ake anali ozizira ngati akuwerenga zotsatira za magazi a munthu wosamudziwa.

"Imbirani aphunzitsi. Sukulu yawo ili pafupi ndi inu kuposa kuno. Ndikutumizirani nambala."

"Ndili nayo."

Sekererani analakalaka atameza lilime lake. Kenako foni inaduka, ndipo anaimba nambala ya Chidazi ija.

Mphunzitsiyo anafika pasanathe mphindi khumi, ali wefuwefu, buluku lili ndi choko m'maondo, dazi lili nyezinyezi ndi thukuta. Moni sanapereke. Anapita molunjika kukhoma n'kuzula waya wa nyali ija.

"Yakhala ikuyaka nthawi yaitali bwanji, bambo?"

"Pang'ono chabe."

Mphunzitsiyo anakhudza galasi, n'kumuyang'ana Sekererani. Kuyang'anako kunamupweteka kuposa kutukwanidwa.

"Ndipatseni madzi ofunda pang'ono m'kapu, ndi kabulashi kofewa ngati muli nako."

Kabulashi kanalipo, komwe kaja. Sekererani anakapereka ali chogwetsa nkhope.

Make mapasa analowa atavala gawuni yoyera ya kuntchito, m'manja muli kopanira kakang'ono ka ku labu. Mwamuna wake sanamuyang'ane n'komwe. Anagwada pabokosi n'kuti, "Dona, mayi anga, ndabwera." Mphunzitsiyo anamufotokozera motsitsa mawu kuti khungu latsopano layamba kale kulimba, ndiye akachedwa kangaudeyo afera momwemo. Panafunika kuwala koti aziona bwino koma kosatentha.

"Gwirani ichi," anatero make mapasa, n'kumupatsa mwamuna wake kafoni ka mphunzitsi kosweka galasi kaja, tochi yake itayaka. "Cham'mbali. Musagwedeze."

Ndiye taonani, mwini situdiyo wa zaka makumi awiri ndi zitatu ataima njo m'chipinda chake chomwe, atanyamula tochi ya pafoni ya munthu wina. Pansi pa dzanja lake mitu iwiri inaweramira pamodzi, wadazi ndi wa mkazi wake, kutsala pang'ono kugundana. Mphunzitsi ankanyowetsa khungu louma lija ndi kabulashi, dontho limodzi limodzi, ndipo mayiyo ankaligwira ndi kopanira. Sankalankhula zambiri. Wina akati "apa," mnzake anali atafika kale pomwepo. Sekererani ankaona zonsezi, ndipo nsanje inkamudya mpaka m'mafupa, koma dzanja sakanatha kulitsitsa. Mkono unachita dzanzi, anauchirikiza ndi unzake. Wometa anasuzumira pakhomo kamodzi, anaona nkhope za anthu, n'kutseka chitseko mosapanga phokoso.

Patatha pafupifupi ola, mwendo umodzi unavuka, wopindika koma wathunthu. Iwiri inayo inakana. Dona anadzikoka kamodzi mwamphamvu, ndipo miyendo iwiriyo inatsala m'khungu lakale. Make mapasa anagwira pakamwa.

"Wadzidula yekha," anatero mphunzitsi. "Ndi bwino choncho, chifukwa akadzidula yekha sataya magazi. Akapirira masiku atatu akubwerawa ndiye kuti wapulumuka. Koma bokosili lisachoke pano mpaka alimbe thupi, mwina masiku khumi."

"Nanga miyendoyo?" anafunsa Sekererani. Linali funso lake loyamba lokhudza Dona chifikire m'nyumba mwawo.

"Idzamera akadzafundulanso. Wamkulu chonchi amatenga chaka, mwinanso ziwiri."

Mphunzitsiyo anatenga foni yake, anati ana awasiya okha m'kalasi, n'kutuluka. Panja panamveka belu la njinga.

Make mapasa anakhala pampando wa ojambulidwa, kumbuyo kwake kuli nsalu ya maluwa imene akwati ankaikonda. Kamera inali patebulo, chithunzi chomaliza chikuonekabe pakagalasi ka kumbuyo. Anaitenga n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"N'chokongola," anatero. "Chikuposa cha aphunzitsi. Si zimene mumafuna kumva?"

Sekererani anali atawadikira mawu amenewo kuyambira dzulo lake, koma atabwera analibe kukoma kulikonse. Mayiyo anayamba kubweza zithunzizo m'mbuyo ndi chala chachikulu, chimodzi chimodzi. Pazoyambirira miyendo inkasuntha. Pazomalizira makumi awiri, Dona anali malo amodzimodzi, atasiya kulimbana.

"Makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi," anatero atafika kumapeto. "Iye akuuma, inu mukusintha galasi. Munamuuzanso kuti asekerere?"

"Amake mapasa, sindimadziwa kuti amagona chagada."

"Ndimakuuzani dzulo, munakatsegula mpopi. Chaka chatha ndinakuitanani kuti mudzaone, munati kuli mpira." Anaika kamera pansi mosamala. "Nambala ija munaitenga liti?"

"Papita miyezi iwiri."

"M'foni mwanga, ine ndili kosamba."

Sekererani anatola waya wa nyali ija n'kuyamba kuukulunga.

"Mukanandifunsa ndikanakupatsani. Chilichonse mukanandifunsa ndikanakuuzani. Aphunzitsi aja alibe chimene ali nacho choposa inu, bambo a mapasa. Iwo amangofunsa basi, n'kudikira kuti ndimalize kuyankha."

Dona anapirira masiku atatu aja. Kwa masiku khumi bokosilo linakhala pakona ya chipinda chojambulira litafunditsidwa nsalu yakuda, ndipo madzulo alionse mkazi wake ndi mphunzitsi ankakumana pomwepo poweruka, kudzathira madzi m'kambale ndi kunong'onezana. Sekererani ankawatsegulira chitseko, ankawabweretsera mipando, kenako ankapita kukaima panja ndi wometa, yemwe nthabwala zinali zitamuthera. Akamva mkazi wake akuseka pang'ono m'katimo, ankatafuna mano. Tsiku lakhumi Dona anagwira mphemvu yake yoyamba, akutsimphina ndi miyendo isanu ndi umodzi.

"Ndiye mawa timubweretse kunyumba?" anafunsa Sekererani ali m'galimoto. "Ndiyendetsa pang'onopang'ono pazitunda paja."

"Sabwera kunyumba. Akakhala kwa aphunzitsi mpaka miyendo idzamere."

"Chaka chathunthu?"

"Mwinanso ziwiri. Munamva nokha."

"Ndiye inu muzikamuona kumeneko?"

"Loweruka lililonse. Ndi wanga, ndimamudyetsa ndine."

Sekererani anagwira chiwongolero mpaka zala zinayera. Mawu anadzaza m'kamwa, oti mkazi wapabanja sangamapite kunyumba kwa bambo wopanda mkazi sabata ndi sabata, oti anthu adzati chiyani, oti iye salola. Anatembenuka kuti awanene, n'kupeza mkazi wake akumuyang'ana, akudikira. Mawu onsewo anawameza.

"Mphemvu zitsala kwathu," anatero mayiyo. "Kwa aphunzitsi kulibe malo a chidebe china. Muzizipatsa makoko a karoti Lachiwiri ndi Lachisanu. Zimenezo sizifuna kutembenuzidwa."

Loweruka loyamba, Sekererani atadzuka anapeza chithunzi cha diresi lachikasu chabwerera pamsomali wake. Cha kangaude chinali m'chikwama cha mkazi wake, poti anati chikakhale pafupi ndi mwini wake. Pashelefu panatsala malo oyera, amakona anayi, pomwe fumbi silinafikeko zaka zonsezi. Anapita kukhonde lakuseri, anatsegula chidebe, n'kusankha mphemvu zitatu zonenepa kwambiri. Zinamukwera padzanja, ananyansidwa, koma anaziika m'kabotolo n'kuboola chitsekero kuti zizipuma. Mkazi wake anamupeza pageti.

"Nazi," anatero akupereka kabotoloko. Kenako anakanda kumutu. "Kodi akamafundula bwinobwino, popanda womusokoneza, zimatenga maola angati?"

Make mapasa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana wotchi.

"Ndichedwa. Mudzandifunse ndikabwera, ngati mudzakumbukire."

Anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota pakona. Atalowa m'nyumba anatenga cholembera n'kulemba funsolo kuseri kwa envulopu kuti asaliiwale, n'kuwonjezerapo lina pansi pake. Kenako anakhala pampando moyang'anana ndi msomali wake, foni ili pabondo, n'kuyamba kuwerenga maola.